Mkute wa Phwando ndi Mabuku a Milandu

Ku England Khirisimasi imafika pakati pa nyengo yozizira, pamene dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko madzulo. Palibe wokhala pabwalo. Abale amene sanaonane chaka chathunthu amatsekeredwa m'nyumba imodzi masiku awiri kapena atatu, akudya mopitirira muyeso; ndipo pamene pali abale ambiri ndi chuma cha nkhalamba chosagawidwa, mawu amene anakwiriridwa kalekale sachedwa kufukuka. Alembi a mabuku a kumeneko anazindikira msanga kuti nyumba yotere ndi dimba lachonde la nkhani za milandu.

Mabuku a mtundu umenewu eni ake amawatcha cozy, ndiko kunena ofunda, owerengera pafupi ndi moto. Mlandu umachitika m'mudzi waung'ono kapena m'nyumba imodzi, oganiziridwa onse ndi odziwana, zoopsa sizionetsedwa kwambiri, ndipo wowerenga amapatsidwa nkhaniyo monga ndagi yoti aimasulire. Agatha Christie analemba Hercule Poirot's Christmas mu 1938, m'mene nkhalamba yolemera, Simeon Lee, iitana ana ake kuphwando n'cholinga chowasautsa, niphedwa usiku woti mawa ndi Khirisimasi. Koma bukuli lili ndi mwazi wambiri koposa anzake. Lina la J. Jefferson Farjeon, Mystery in White, la 1937, linaiwalika zaka zambiri, ndipo pamene British Library inalisindikizanso mu 2014 anthu analigula mochuluka kodabwitsa.

Tsono chinthu chimene owerenga ambiri sachisamala ndi ichi: m'nkhani zabwino za mtunduwu choonadi sichipezeka pathebulo pamene olemekezeka akulankhula. Chimapezeka kukhitchini, pakati pa zotsala.

Arthur Conan Doyle anaonetsa zimenezi mu 1892 m'nkhani ya Sherlock Holmes yotchedwa The Adventure of the Blue Carbuncle. Munthu wosauka, Henry Baker, anataya chipewa ndi tsekwe wake wa Khirisimasi pothawa chipolowe mumsewu usiku. Wotola anapita ndi tsekweyo kwa mkazi wake kuti aphikidwe asanaonongeke, ndipo mayiyo potumbula anapeza m'chithokomiro mwala wamtengo wapatali umene unabedwa m'hotela. Pa nthawiyo n'kuti mmisiri wina wosalakwa ali m'manja mwa apolisi chifukwa cha mwala womwewo. Holmes anaitana Baker, nampatsa tsekwe wina watsopano, namfunsa ngati afunanso nthenga, miyendo ndi chithokomiro za tsekwe woyamba uja. Baker anangoseka, nakana. Pomwepo Holmes anadziwa kuti munthuyo sadziwa kanthu za mwalawo, pakuti wakuba akadalumphira zotsalazo. Mlandu wa munthu unaweruzidwa ndi zinthu zimene aliyense akadaponyera galu. Wakuba weniweni atapezeka, James Ryder wantchito wa m'hotelamo, Holmes anam'masula kuti athawe. Ngati anachita bwino pamenepo, ndi nkhani yoti akulu akambirane pabwalo.

Christie nayenso anabisa mwala m'chakudya, m'nkhani ya The Adventure of the Christmas Pudding imene inapatsa dzina buku lake la 1960. Pudding ya Khirisimasi ndi mkate wolemera wa mphesa zouma, mafuta a ng'ombe, shuga ndi nyenyeswa za buledi wogona, wophikidwa ndi nthunzi maola ambiri phwando lisanafike. Mwambo wake ndi wakuti aliyense wa m'nyumba atakase, ndipo amaponyamo kandalama ka sikisi kuti wokapeza akhale ndi mwayi. M'nkhaniyi wophika anakonza zazikulu ziwiri, ina ya Khirisimasi ndi ina ya Chaka Chatsopano. Akuba anabisa mwala wofiira m'yachiwiriyo, poganiza kuti adzautenga phee isanadyedwe. Koma mtsikana wantchito, Annie, anagwetsa yoyamba niswa mbale yake, chotero pathebulo panabwera ya Chaka Chatsopano, ndipo mwini nyumba anatsala pang'ono kuthyola dzino. Poirot, mlendo wa ku Belgium, sanamvetse zonsezi kufikira atatsikira kukhitchini kukayamika wophika ndi kumvetsera nkhani zake. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa; komatu kalumo kameneka anakanolera pa mawu a mayi amene eni nyumba sanaganize zomufunsa.

Diso limene Poirot anagwiritsa ntchito ndi lomwelo limene wophika aliyense wa ku England amafunika pa 26 Disembala, tsiku lotchedwa Boxing Day. Alendo akadali m'nyumba, ndalama zatha, ndipo patsala mafupa a nkhukundembo, mbatatesi zozizira, kabichi wolefuka ndi buledi wouma. Ndiwo mkute wa phwando. Wosadziwa amaona zinyalala. Wodziwa amafunsa chilichonse kuti chingakhale chiyani. Mbatatesi ndi kabichi amazisinja pamodzi nazikazinga m'chiwaya mpaka zichite chikhokho pansi, ndipo chakudyachi dzina lake ndi bubble and squeak, chifukwa cha phokoso lake pamoto. Mnofu wotsala pamafupa amaukungunula, nausakaniza ndi msuzi ndi anyezi, nauphimba ndi ufa wa tirigu wokanda ndi mafuta, nauika mu uvuni. Potuluka palibe mlendo angaukumbukire kuti ndi nyama ya dzulo. Buledi wouma amamudula, nampaka batala, namthira mkaka wosakaniza ndi mazira ndi shuga, ndipo buledi wogonayo amamwa mkaka bwino koposa watsopano, amene amangosanduka phala. Mafupa okhaokhawo amawiritsidwa kukhala msuzi wa tsiku lachitatu.

Luso limeneli silinali la masewera. Kuyambira Januwale 1940 boma la Britain linayamba kugawa shuga, batala ndi nyama ya nkhumba mwa muyeso chifukwa cha nkhondo, ndipo chaka chomwecho linaika lamulo lakuti kutaya chakudya chodyeka ndi mlandu. Unduna wa Zakudya unkalangiza amayi kuthira karoti wopala mu pudding kuti itsekemere. Muyeso wa nyama unatha mu 1954, nkhondo itatha kale zaka 9. Amene anawerenga nkhani ya Christie mu 1960 anali anthu okumbukira bwino mtengo wa dzira limodzi.

Ku America mabuku otere anakula njira ina. Virginia Rich mu 1982 ndi Diane Mott Davidson kuyambira 1990 anayamba kuphatikiza nkhani ya mlandu ndi malangizo a kaphikidwe, ndipo Joanne Fluke kuyambira 2000 analemba za Hannah Swensen, mayi wogulitsa mabisiketi m'tauni yopeka ya ku Minnesota, amene amapeza mitembo kawirikawiri koposa apolisi. Limodzi la mabukuwo, la 2009, ndi Plum Pudding Murder. Ndi mabuku okoma kuwerenga, ndipo sayenera kunyozedwa. Koma mwa iwo khitchini yasanduka malo oonetsera ufulu wa batala ndi shuga watsopano, ndipo womwalirayo nthawi zina amaiwalika mabisiketi asanazizire. Makolo ndi aphunzitsi amene amadandaula kuti kupha munthu sikoyenera kusangalatsa anthu pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa Ambuye ali ndi mfundo pamenepa. Dandaulo lawo silikhudza nkhani ziwiri zija, pakuti mu Blue Carbuncle ndi mu Christmas Pudding simufa munthu ndi mmodzi yemwe.

M'mawu oyamba a buku la 1960 Christie anakumbukira maphwando a ubwana wake ku Abney Hall, nyumba yaikulu ya banja la mlamu wake kumpoto kwa England, kumene chakudya chinali chosatheka kumaliza. M'nyumba zotere antchito ankatumikira tsiku lonse la Khirisimasi, ndipo m'mawa mwake ndi pamene ankapatsidwa mphatso zawo. Mwina n'chifukwa chake mlembiyo anasungira Annie tsamba lotsiriza. Kalata yopanda dzina imene Poirot anaipeza pa pilo wake, yomuchenjeza kuti asadye pudding, inamusautsa koposa mwala uja. Ndipo pamene ankanyamuka, mtsikanayo anadza mwamanyazi kudzaulula kuti analemba ndi iye, atamva akubawo akunong'onezana za Poirot, naopa kuti afuna kum'thirira chiphe. Poirot anamufunsa mphatso imene angakonde, ndipo iye anapempha kabokosi ka zodzoladzola.