Penate ya kamunthu kanga ka timitengo

Amene munali m'kalasi la Fomu 3 Lachisanu lija mukudziwa kale manyazi amene ndinachita. Ndinalonjeza kukuonetsani katuni yanga, kamunthu ka timitengo kakumenya penate. Foni inazungulira madesiki onse, aliyense kuseka. Bondo la kamunthuko linkapindikira kumbuyo ngati la nkhuku, mpira n'kunyamuka phazi lisanaukhudze n'komwe. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Aise, ameneyu wathyoka, muthamangire naye kuchipatala!" Ndinaseka nawo, koma zinandiwawa, chifukwa masekondi asanu amene aja ananditengera masiku anayi.

Zimenezi ndinaziyamba patchuthi, pa laputopu ya msuweni wanga. Munali pulogalamu yaulere yotchedwa Pivot Animator, imene anapanga Peter Bone. Ukaitsegula umapeza kamunthu ka timizere kataimirira. Paliponse pamene thupi limapindika, pabondo, pachigongono, pali kadontho kofiira, ndipo pali kamodzi ka olenji konyamulira thupi lonse. Umagwira kadontho ndi mausi, n'kusuntha mwendo pang'ono, n'kusunga chithunzicho, n'kusunthanso. Kumbuyo kumatsala mthunzi wotuwa wokukumbutsa pamene mwendo unali. Zithunzizo zikamadutsa mofulumira, kamunthu kaja kamayenda. Makanema a m'sinema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi, koma makatuni ambiri amajambula 12 zokha. Ine ndinatsata 12, ndiye masekondi asanu ndi zithunzi 60, chilichonse chokonza pamanja.

Tchuthi chitatha, laputopu inabwerera kukoleji ndi mwini wake. Ndinatsala ndi foni ya amayi, imene amandibwereka madzulo ndikamaliza kutunga madzi. Ndinaikamo pulogalamu ina ya timitengo tomweti, dzina lake tilisiye. Apa ndiye panayambira mavuto.

Kamuvi ka mausi n'kosongoka, umaona bwino chimene wagwira. Chala ayi. Chala changa n'chachikulu kuposa bondo lonse la kamunthuko, ndiye ndikachiika pa sikirini, chinthu chimene ndikufuna kukonzacho chimabisika pansi pake. Zili ngati kulowetsa ulusi m'singano utatsinzina. Komanso munthu akamathamanga miyendo imapingasana, timadontho ta mabondo awiri n'kusanjikizana. Ukuti wagwira lakumanja, kwasuntha lakumanzere. Bondo la nkhuku lija linabadwa choncho. Ndipo ngakhale uike mwendo pabwinobwino, pochotsa chala kadontho kamaterereka pang'ono, ntchito yonse n'kupotoka. Chimene chinandikwiyitsa kwambiri ndi mabatani. Lobwezera m'mbuyo ukalakwitsa analiika moyandikana ndi lofufutira, onse ang'onoang'ono ngati nyemba. Tsiku lachitatu ndinafufuta chithunzi chimene phazi limakhudza mpira, osazindikira mpaka m'kalasi muja. Kaya amene anakonza mabataniwo anayesapo pa foni yaing'ono yong'aluka sikirini ngati yathuyi, ine ndikukayika.

Palinso china chimene si vuto la foni. Mwendo umalendewera kuchokera m'chiuno, ndiye ukatembenuza ntchafu, bondo ndi phazi zimatsatira. Ukaphonya pang'ono chabe pamwamba, kuphazi kumakhala kwaphonyeka kwambiri. Ndi zija tinaphunzira m'masamu za mbali ya bwalo: ngodya ndi yomweyo, koma ukamatalikira pakati, mtunda umakula. Tsiku limene aphunzitsi ankafotokoza zimenezi ndinkasinza, ndivomere.

Masamu omwewo ndi amene andipulumutsa. Lamlungu ndinagwira kadontho ka bondo, chala n'kuterereka mpaka m'mphepete mwa sikirini ndisanachichotse. Ndinaona kuti mwendo ukulozabe kumene kuli chala changa, ngati pali chingwe chosaoneka. Tsono chala chikakhala kutali, ukachisuntha kwambiri mwendo umatembenuka pang'ono pokha, ndiponso ukuuona wonse popeza palibe chikuuphimba. Ndinakuwa mpaka amayi anatuluka kukhitchini ndi mthiko m'manja kudzafunsa ngati ndaona njoka. Masiku onse aja ndinkalimbana ndi kadontho pafupi, chonsecho njira inalipo, kungoti pulogalamuyo sinena paliponse. Pano ndimayambanso ndakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri ndisanakhudze chilichonse, ndipo pansi pa phazi loponda ndimajambulapo kamwala kuti ndizidziwa ngati layamba kutsetsereka.

Mnzanga wina wa Fomu 2 anayesapo pulogalamu yomweyi masiku awiri, n'kuisiya, akuti alibe luso. Koma mwana ameneyu amajambula aphunzitsi kuseri kwa kope mpaka umawazindikira ndi kaimidwe kokha. Luso ali nalo. Chinamugonjetsa ndi kadontho kobisika pansi pa chala, ndipo iye anadziimba mlandu yekha. Akanati opanga aja aikemo kabokosi kolembamo madigiri, kapena timivi tosunthira pang'onopang'ono, n'kutalikitsa mabatani awiri aja, bwenzi pano tikupanga limodzi.

Penate ija ndaiyambanso. Ndafika pa chithunzi cha 23, kamunthu katsala sitepe imodzi kuti kafike pampira, ndipo mabondo onse awiri akupindika ngati a munthu. Goloboyi sindinamuyambe. Amayi akapanda kupita ndi foni kumudzi sabata ino, ndibwera nayo Lachisanu pa buleki. Iwe wa kuchipatala uja, udzakhale kutsogolo.