Singano Pafupi ndi Mtima

Abambo anayamba kutupa miyendo m'mwezi wa Meyi chaka cha 2019, ine ndili Fomu 3. Poyamba tinkati ndi kutopa, poti anali munthu wa kabaza. Koma posakhalitsa kupuma kunayamba kuwavuta, moti usiku ankagona chokhala atatsamira khoma, mitsempha ya m'khosi itatupa ngati zingwe.

Azakhali atafika kuchokera kumudzi, anangoyang'ana miyendoyo kamodzi n'kutembenukira kwa amayi. "Mlamu, nenani zoona. Ili ndi tsempho." Kwathu tsempho si nthenda chabe, ndi mlandu: ndiye kuti wina m'banjamo anayenda njira zosayenera n'kudzathira mchere m'ndiwo. Amayi sanayankhe kanthu. Kuyambira tsiku limenelo, ndiwo zikapsa ankaitana mlongo wanga wamng'ono kuti adzathire mchere.

Ku chipatala chathu chaching'ono anatitumiza ku chipatala chachikulu mumzinda. Kumeneko adokotala anabwera ndi makina a sikani, onga aja amaunikira amayi oyembekezera, n'kuika kachipangizo kake pachifuwa pa abambo. Anandiitana kuti ndione. Mtima unkaoneka ukugwedezeka pakati pa chinthu chakuda chouzungulira, ngati nsomba m'beseni. "Chakudachi ndi madzi," anatero. Anafotokoza kuti mtima umakhala m'kathumba, ndipo mwa munthu wabwinobwino m'kathumbamo mumakhala timadzi tosapitirira mamililita 50. Madzi akachuluka amaufinya mtima, umalephera kudzaza magazi, magaziwo n'kumadikira m'mitsempha. Kutupa kuja kunkachokera pamenepo. Anati akapanda kuwachotsa tsiku lomwelo, mtima ukhoza kuima.

Mawu oti singano pafupi ndi mtima anawaopsa amayi kuposa nthendayo. Ndikuganiza kuti ankaopanso china: abambo akanafera pa singanoyo, mlandu ukanakhala wa yani? Anandipatsa ine fomu kuti ndiwawerengere mokweza, abambo n'kusayina dzanja likunjenjemera.

Amayi anatuluka, ine anandilola kutsala kuti ndigwire abambo dzanja. Anawakhazika chotsamira, anapukuta pamimba ndi pachifuwa ndi mankhwala ofiirira, n'kuwabaya jakisoni wa dzanzi m'munsi mwa fupa la pakati pa chifuwa. Kenaka singano yaitali ija. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti adokotala sankayang'ana kwambiri pathupi pa abambo, maso anali pa galasi la makina. Sikaniyo ndiyo inkawauza pamene madzi achuluka, kuya kwake, ndi njira yopewera chiwindi ndi mapapo. Singano itafika m'kathumbamo, sirinji inadzaza madzi ofiira ngati otsukira nyama. Analowetsa kawaya kudzera m'singanomo, anachotsa singano, n'kutsetsereza kapaipi kofewa motsatira kawayako. Asanafike n'komwe theka la madzi onse, abambo anakoka mpweya wautali n'kunena kuti, "Mwanawe, ndikupuma." Tsikulo anatulutsa mamililita 800, ndipo kapaipiko kanakhala masiku awiri kakudontha.

Ndili kuno ku koleji ndinawerenga kuti kale madokotala ankabaya singano imeneyi mongoyerekeza ndi mafupa, ndipo nthawi zina ankaboola mtima weniweniwo. Njira yotsogozedwa ndi sikani inakhazikika ku Mayo Clinic, ku America, kuyambira 1979. Ndinawerenganso kuti kuno ku Africa ya kum'mwera kwa Sahara chimene chimadzaza madzi ambiri chonchi kawirikawiri ndi chifuwa chachikulu, makamaka mwa anthu amene ali ndi HIV. Ife tinkadziwa TB ya m'mapapo yokha, ya kutsokomola magazi. Abambo anawayamba mankhwala a TB a miyezi 6, aja ofiiritsa mkodzo, ndipo anawayeza magazi monga amachitira ndi wodwala TB aliyense.

Azakhali anafika ku wodi mawa lake. Ndinawaonetsa botolo lija ndi mtima wofuna kuwachititsa manyazi, ndivomere. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti, "Nanga madziwo analowamo bwanji?" Ndinafotokoza za tizilombo ta TB mmene ndinamvera, koma nkhope yawo sinasinthe.

Kupepesa sanapepese mpaka lero. Abambo atatuluka m'chipatala, azakhali anabwera ndi tambala m'manja. Amayi anamuphika, ndipo atapsa sanaitane mwana aliyense. Anatapa mchere okha n'kuthira, azakhali ali pakhomo la khitchini akuona. Nsima itabwera, azakhali anasamba m'manja n'kudya.