Tsiku Limodzi pa Zomba, Poyenda Pansi

Anthu ambiri a paulendo amene amachoka ku Blantyre kunka ku Liwonde kapena ku Mangochi amaudziwa mzinda wa Zomba pa zenera la basi pokha. Galimoto ikaima pa depoti amagula nthochi, nayang'ana phiri kamodzi, ulendo nkupitirira. Kuyambira chaka cha 1975, pamene likulu la Malaŵi lidasamukira ku Lilongwe, mzindawu udasanduka ngati gogo amene ana ake onse adapita kukagwira ntchito kutali. Aphungu a Nyumba ya Malamulo adatsalirako kufikira 1994, kenaka nawonso adatsata anzao. Ife tidaganiza zoupatsa tsiku lathunthu osakwera kanthu, pakuti Zomba ndi mzinda waung'ono ndipo miyendo imaukwanira.

Tidatsika basi tisanalowe m'tauni, pa nsanja ya njerwa yokhala ndi wotchi imene ili m'mbali mwa mseu wochokera ku Blantyre, pafupi ndi Cobbe Barracks. Nsanjayi ndi chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles, amene makolo athu ankawatcha a Keyala, omwe adafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Munthu ukaima pamenepo sulephera kukumbukanso atengatenga, amuna a m'midzi amene adatengedwa kukasenza katundu wa nkhondoyo, ambiri nafera m'njira ndi njala ndi matenda. Mu Novembala 1914 John Chilembwe adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu osauka a dziko lino akukhetsa mwazi pa nkhondo imene sadaiyambe. Chapafupi pomwepo pali ndende yaikulu ya Zomba, yomangidwa mu 1935. Pamenepo tidangodutsa mwakachetechete.

Msika uli kumunsi, pafupi ndi depoti, ndipo ndiwo mtima wa Zomba wa lero. Muli matemba a ku nyanja ya Chilwa, mpunga wa m'madambo a nyanja yomweyo, mbatata ya kachewere, masamba obiriwira, ndi amisiri osula zidebe ndi mbaula amene phokoso la nyundo zao limamveka kutali. Tidagulapo mbatata yootcha ndi nthochi za kamba wa panjira, chifukwa kutsogolo kunali chitunda.

Mukachoka pamsika ndi kuyamba kukwera cha kuphiri, miyendo imakuphunzitsani chinthu chimene wa pagalimoto sangachizindikire msanga. Mzindawu adaumanga motsata msinkhu wa anthu m'maso mwa atsamunda. Azungu a boma ankakhala pamwamba, pamene pali mphepo yozizira ndi mitengo ya mthunzi. Amwenye adamanga masitolo ao a makonde m'mbali mwa mseu waukulu. Eni dziko adawasiya kumunsi kotentha. Kumtundako nkumene kuli nyumba yakale ya malamulo, malo osindikizirako mabuku a boma, ndi National Archives, kosungirako makalata akale a dziko lino. Achinyamata amene akufuna kudziwa mbiri ya boma la kwao kapena ya mfumu ya kwao ayenera kudziwa kuti khomo limeneli lilipo. Kulinso Gymkhana Club, kumene mu Seputembala 1987 apolisi adagwira mlakatuli Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College, nakamtsekera ku Mikuyu kufikira 1991 popanda kumzenga mlandu.

Nyumba imene idatikopa koposa ndi Masongola, yotchedwa dzinali chifukwa cha nsanja zake zosongoka. Adaimanga John Buchanan mu 1886, ndipo Harry Johnston adakhalamo pamene Zomba idakhala likulu mu 1891. Pambuyo pake idasanduka hotela. Kumunsi kwake kuli munda wa mitengo ndi maluwa umene Alexander Whyte adauyamba m'masiku a Johnston yemweyo, poyesa mbeu zochokera m'maiko ena. Pakati pa mundawo pamadutsa mtsinje wa Mulunguzi, ukuwinduka pamiyala, madzi ake ozizira ngati a mumtsuko.

Mtsinje umenewu ndiwo udatitsogolera tsiku lonse lotsala, chifukwa Zomba yense amamwa kuchokera m'phiri. Phiri lomwelo lidaonetsaponso ukali wake. Mu Disembala 1946 kudagwa mvula yoopsa, ndipo madzi osakanizika ndi matope, miyala ndi mitengo adatsetsereka kulowa mumzinda, nakokolola milatho ndi nyumba, anthu nafa. Akuluakulu adati wadutsa Napolo, chinjoka chokhala kunsi kwa mapiri chimene chikamasamukira kunyanja chimagumula zonse za m'njira mwake. Ophunzira amafotokoza mwina: nthaka ya pamalo otsetsereka ikakhuta madzi imalemera, ndipo ikasowa mizu yoigwira imanyamuka yonse pamodzi. Zotere zidachitikanso ku Phalombe mu 1991, ndi ku Chilobwe m'tsinde mwa phiri la Soche mu Malichi 2023, pa namondwe wa Freddy.

Tidakwera phiri podzera kanjira kotchedwa Potato Path, kamene kamadula mokhota monse mwa mseu wa galimoto. Nkotsetsereka zedi, ndipo amene ali ndi ana aang'ono kapena maondo ofooka asakayese nthawi ya dzinja, pakuti kamaterera. M'njiramo tidapatukira amai osenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, ndi anyamata otsika ndi matabwa pamutu, thukuta lili kamukamu. Kuwadzudzula nkosavuta, koma nkhunizo zimakaphika nsima m'nyumba za m'tauni, ndipo matabwawo amakakhoma madenga a anthu onga ife tomwe. Wodula ndi wogula adagwirizana kale. Kusiyana kwao nkwakuti mmodzi yekha ndiye amaoneka panjira.

Pamwamba, pafupi ndi hotela ya Ku Chawe, ana amagulitsa zipatso zofiira za m'phiri m'timbale. Kuchoka apo nkamtunda pang'ono kufika pa damu la Mulunguzi, limene limasunga madzi a mzinda wonse. Madziwo anali bata, ndipo mitengo ya paini imene ili m'mbali mwake imaoneka m'madzimo ngati pagalasi. Koma poyang'ana kuseri tidaona mapiri ena ali mbee, zitsa zokhazokha, kwina kwakuda ndi moto wa m'chilimwe. Nkhalango ndiyo imachititsa kuti mvula ilowe pansi pang'onopang'ono, ndi kuti timitsinje tiziyendabe mu Okutobala. Pamene yachoka, madzi amathamanga tsiku limodzi, natenga dothi kukalitaya m'damu momwemo. Tidaonanso malo ena amene adabzalamo timitengo tatsopano, tina tofika m'chiuno, ndipo timeneti tidzafuna zaka zambiri zopanda moto kuti tipange mthunzi.

Phiri la Zomba ndi lalikulu, nsonga yake ipitirira mamita 2,000, ndipo tsiku limodzi silikwanira kuona zonse. Emperor's View, pamene adaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, ndi dzenje la Chingwe, limene anthu amasimba kuti kale ankaponyamo anzao, zili kutali kwa woyenda pansi amene akufuna kugona kwao. Ife tidakhutira ndi zimene tidaona potsika. Mzinda wonse unali pansi pathu, madenga ake obisika m'mitengo, nyumba za Yunivesite ya Malaŵi zili cha ku Chirunga, ndipo kuvuma kunkanyezimira nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulukamo, imangodalira imene imathiramo, ina mwa iyo yochokera m'phiri lino. Idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 asodzi adaonanso mabwato ao atakhala pamatope ouma. Tidafika pa depoti dzuwa litapendeka, amai a matemba akumanga madengu ao.