Hutala Yosasa Mau pa Nyanja ya Bangweulu

Tinafika padoko la Samfya mbandakuca, mwezi wa Juni, cisanu cikuluma makutu. Ulendo wathu unali wa ku cisumbu ca Chilubi. Amati dzina la Bangweulu litanthauza malo pamene madzi akumana ndi thambo, ndipo m'mawa umenewo sitinatsutse, pakuti nkhungu inali itaphimba zonse.

Katundu atakwezedwa, woyendetsa boti anasindikiza batani la hutala. Panamveka kubuula ngati kwa mbuzi yodwala. Tonse tinaseka, koma iye sanaseke. Anati sanyamuka kufikira hutalayo italira bwino, cifukwa kutsogoloko kunali asodzi m'mabwato ao aang'ono, ndipo m'nkhungu yotere maso alibe nchito. Amai amalonda anang'ung'udza; nafenso, tisabise, tinayang'ana koloko.

Poyamba anasuzumira m'kamwa mwa hutala, popeza mavu amakonda kumangamo nyumba zadothi, ndipo madzi a mvula nawo amakhalira momwemo. Munali mwabwino. Kenaka anatenga mawaya awiri aafupi, onenepa, nalumikiza hutalayo mwacindunji ku batire ya mavolti 12. Inalira mwakuti khanda linadzidzimuka kumsana kwa amace. "Mwamva, atate? Hutala ili moyo," anatero. "Matenda ali m'njira."

Apa anatiphunzitsa cimene sitinali kucidziwa. Pa galimoto, thupi lacitsulo ndilo limabwezera magetsi ku batire. Boti lafaiba kapena lamatabwa lilibe njira imeneyo, motero pafunika waya wopita ndi waya wobwerera, onse aatali, okhala m'cinyezi usana ndi usiku. Hutala imadya magetsi ambiri panthawi imodzi, ndipo polumikiza paliponse pamene pacita dzimbiri pamaba gawo lace. Nyali ingathe kuyakabe, munthu nkumati zonse zili bwino, pamene hutala yasasa kale mau.

Analondola waya wobwerera ndi zala mpaka pansi pa mpando, napeza mfundo yodzala ufa wobiriwira. Anapala ndi mpeni, namanga zolimba, napaka girisi.

Tinanyamuka titacedwa theka la ola. Tili pakati pa nyanja, nkhungu ikadali yothithikana, analiza hutala nacepetsa liwiro, monga anali kucitira njira yonse. Mau a munthu anayankha pafupi kwambiri. Kudzanja lamanja kunatulukira bwato, bambo ndi kamnyamata akupalasa mwamphamvu kutipatuka, maukonde onyowa ali pamapazi ao. Kamnyamatako kanakweza nkhafi kutilonjera, ndipo nkhungu inawaphimbanso.