Cheke Chikabwerera

Ife amene timasunga masitolo m'boma la Chiradzulu, kuyambira ku Namitambo kufikira ku Mbulumbuzi ndi ku Namadzi, timaudziŵa ululu wa cheke chobwerera. Munthu amatenga malata kapena feteleza, natilembera cheke. Tikapita nacho ku banki ku Limbe, chimabwerako chitalembedwa “Refer to Drawer”, ndiko kunena kuti tikafunse mwini wake, ndipo kaŵirikaŵiri chifukwa chake nchakuti m'akaunti mwake mulibe ndalama zokwanira. Katundu wapita, mpamba wachepa, ana akudikira fizi. Choŵaŵa koposa nchakuti nthaŵi zina wolembayo ndi mbale amene timadya naye Mgonero wa Ambuye.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, tisunge chekecho bwino pamodzi ndi lisiti, pakuti ndicho umboni wakuti ngongoleyo ilipo. Tisazengerezenso, popeza banki silandira cheke chimene chapitirira miyezi 6.

Kenaka titsate njira imene Mateyu 18 atiphunzitsa. Tipite tokha kwa mbaleyo, osayamba talengeza pamsika. Kapena malipiro ake anachedwa, kapena kunagwa matenda. Akatiuza tsiku limene ndalama ziloŵe, chekecho tingathe kuchiperekanso ku banki. Akapempha kubweza pang'onopang'ono, tilemberane pangano losonyeza masiku ndi ndalama zake, pamaso pa mboni ziŵiri. Masiku ano angathe kutumiza ngakhale pa Airtel Money kapena pa Mpamba.

Akayamba kutizemba, timlembere kalata yomupatsa masiku oŵerengeka, ife nkusunga ina yofanana nayo. Ngati ali wa mumpingo, tidandaule kwa akulu ampingo, amene amayanjanitsa anthu popanda kulipiritsa. Zonsezi zikakanika, khoti la majisitireti lilipo, ndipo likagamula, iye osalipirabe, akhoza kulandidwa katundu mwa lamulo. Amene analemba cheke akudziŵa kuti nchopanda kanthu, kuti atengere katundu mwachinyengo, nkhani yake ingafike ndi kupolisi. Koma ife tisakamlande mbuzi kapena njinga ndi manja athu, kuti tingasanduke olakwa ndife.

Ena amati Mkristu sayenera kulondola ngongole, angokhululuka. Ife tiona kuti kukhululuka kumachotsa chidani mumtima, koma ngongole imatsala pamene inali, pokhapokha mwini ndalama ataimasula mwaufulu. Tikangokhala chete, sitolo imagwa, antchito amachotsedwa, ndipo mbale uja amazoloŵera bodza.

Inu makolo, ana amaona mmene timachitira ndi amene atikongola, ndiponso mmene timabwezera zathu. Inu achinyamata amene mukutsegula maakaunti, dziŵani kuti dzina limene musaina papepala ndi lomwe lija linalembedwa m'buku la ubatizo. Musanasaine, yambani mwafunsa ku banki kuti mwatsala ndalama zingati.