Injini ya 200Tdi: zomwe ndaona ku England, zomwe ndikukumbuka ku Biwi

Abale anga ogwira sipanala, makamaka inu a ku Biwi ndi ku Ndirande, ndili ndi nkhani.

Loweruka lapitali ndinatandala m'galaja ya bambo ena achikulire kufupi ndi Birmingham, tikuika injini mu Land Rover yawo ya Series III. Injiniyo ndi ya dizilo, 200Tdi, imene inatuluka mu 1989 pamodzi ndi Land Rover Discovery yoyamba. Ili ndi masilinda anayi, malita 2.5, turbo ndi intercooler, ndipo pampu yake ya Bosch ilibe kompyuta. Yakale ya 2.25 imene tinatsitsa inkapereka ma horsepower pafupifupi 60, pomwe iyi imapitirira 100.

Mainjini amenewa amapezeka kuno chifukwa cha mchere. Nthawi yozizira amawaza mchere m'misewu kuti pasamaterere, ndiye Discovery imadyeka ndi dzimbiri kunsi konse injini ikadali yamoyo. Anthu amaitsitsa injiniyo n'kuiika m'galimoto yakale. Ena amachotsa dala turbo poopa kuswa giyabokosi ya Series, yomwe sinapangidwire mphamvu zotere.

Ntchito itatha bambowo sanathamangire kumsewu. Anatenga fomu ya V5C kuti adziwitse a DVLA, ofesi yolembetsa magalimoto kuno, nambala ya injini yatsopano, kenaka anaimbira a inshulansi. Anamanga lamba wa timing watsopano ngakhale wakaleyo ankaoneka bwino, n'kulemba m'kabuku tsiku ndi mamailosi. Nditafunsa, anati injini yogula kwa munthu sudziwa mbiri yake, choncho mbiriyo uyambe wekha kuilemba.

Apa mtima unabwerera kumudzi. Kuno amasintha injini pokonda galimoto yakale. Kwathu timasintha chifukwa minibasi ikaima ana agona ndi njala. Ndinaphunzira ntchito kwa amisiri amene ankakweza injini ya Hiace ndi tcheni chomangirira pamitengo itatu. Ma mounting akakana kulowa, ankadula chitsulo, kuwotcherera, dzuwa lisanalowe galimoto yalira. Kuno ambiri amaitanitsa zida zokonzeratu pa intaneti. Pa luso la manja, sindinaonepo wotiposa.

Chimene chimatiphera mainjini ndi tinthu ting'onoting'ono. Lamba timadikira aduke, ndipo pa Tdi akaduka amapinda ma pushrod. Oilo timangowonjezera osakhetsa wakale. Fyuluta ya mpweya timaipuntha pamwala n'kuibwezera, chikhalirecho fumbi la Okutobala limadya mapiko a turbo. Mafuta akasowa timagula dizilo wa m'zigubu, wina wosakaniza ndi palafini, pampu n'kuyamba kutha. Dalaivala akakwera chitunda cha Dedza amafika n'kuzimitsa pomwepo, turbo ili moto, oilo n'kupsera m'kati. Kuona maso a nkhono n'kudekha: injini ilekeni ilire yokha mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse. Mutu wa 200Tdi ndi wa aluminiyamu, ndiye redieta ikhale yoyera, madzi asaphwe.

Chondiwawa n'chakuti injini yotere ikuyenera misewu yathu kuposa ya kuno. Ku London, kuyambira Ogasiti 2023, galimoto ya dizilo yosafika muyezo wa Euro 6 imalipira £12.50 pa tsiku m'dera lonse la mzindawo. Kuno nthawi yake ikutha, pomwe kwathu injini yokonzeka ndi sipanala pansi pa mtengo wa mango ndi chuma.

Pempho langa ndi ili, amisiri anga. Mukaika injini, yang'ananinso mabuleki, chifukwa mphamvu zawonjezeka. Pitani ku Road Traffic nambala ya injini ilowe m'bulubuku. Gulani kope la sukulu, mulembemo tsiku la lamba, la oilo ndi la fyuluta, likhale m'galimoto momwemo. Mwana amene mukumuphunzitsa ntchito lero, muphunzitseni kugwira cholembera pamodzi ndi sipanala.