Mng'ono Wathu Aphunziranso Galimoto ku Glasgow

Abale, m'miyezi ino ambiri a inu mukabwera pa zenera la ofesi kudzafunsa za mapepala a tchuthi, mumaonjeza funso lina: kodi munthu wofuna laisensi ya galimoto ayambire pati? Ena mwatopa nayo nchito ya pansi pa mgodi, ndipo mufuna kukagwira chiwongolero cha lole kapena minibasi. Ena mwamva kuti kutsidya kwa nyanja wodziwa galimoto sagona ndi njala. Ife sindife mphunzitsi wa galimoto iai, ndife kalaliki chabe wa sukulu ya mishoni. Koma m'mwezi wa August 2024 tinakacheza kwa mng'ono wathu ku Glasgow, m'dziko la Scotland, ndipo chimene tinaona kumeneko tati tikuuzeni musanapereke ndalama zanu ku sukulu ya galimoto.

Mng'ono wathuyo anayendetsa minibasi zaka 6 pa mseu wa Lilongwe ndi Dedza. Mu 2023 anapita ku Scotland kukagwira nchito yosamala okalamba m'nyumba zao, nchito yofuna galimoto, pakuti pa tsiku limodzi munthu alowa m'makomo ambiri otalikirana. Lamulo la kumeneko lilola mlendo kuyendetsa ndi laisensi ya kwao miyezi 12 yokha. Anthu a maiko ena, monga South Africa ndi Zimbabwe, amangowasinthira pepala. Koma Malawi mulibe m'ndandanda umenewo, kotero Mmalawi ayenera kulemba mayeso a malamulo ndi kuyesedwa pa mseu monga mwana wa zaka 17. Pamene ife tinafika, miyezi yake inali itatha, mayeso a pa mseu anali atalephera kamodzi, galimoto yake inangoima pa khomo, ndipo iye anali kuyendera basi ndi miyendo. Maola a nchito anachepa, ndalama zopita kwa amai kumudzi zinachepanso, ndipo nyumba imene tinali kuwamangira inaima yopanda malata, dzinja liri pafupi.

Tisabise, tinamseka. Tinati, "Iwe, zaka zonsezi ukunyamula anthu ndi matumba a mbatata pa Linthipe ndi pa Chimbiya, lero ukulephera pa mseu wopanda ngakhale mbuzi imodzi? Ndiponso kuno ayendera kumanzere monga kwathu!" Paja mudzi wa Blantyre, kumene anabadwira David Livingstone mu 1813, uli pafupi ndi Glasgow, ndipo kampani ya Mandala inayambira mu mzinda womwewu mu 1878, tinayesa kuti anthu amene tinatengako dzina la mzinda ndi mbali ya mseu alibenso chachilendo chotionetsa. Iye sanakwiye. Anangoti, "Achimwene, mawa mukwere kumbuyo, mukaone nokha."

Dera limene akhala alitcha Pollokshields, kumwera kwa mtsinje wa Clyde. Mseu wake waukulu ndi Albert Drive. Mbali ya kum'mawa kuli nyumba zamiyala zosanjikiza katatu kapena kanai, ndi masitolo ambiri a anthu amene makolo ao anachokera ku Pakistan. Nyumbazo zinamangidwa galimoto isanadze, kotero palibe bwalo loimikapo. Magalimoto angondanda mbali zonse ziwiri za mseu, ndi kusiya kanjira pakati. Mbali ya kumadzulo, cha ku Maxwell Park, kuli nyumba za eni chuma, miseu yotakata ndi timapiri. Kumeneko ndiko anatitengera mphunzitsi wake, mai wobadwira komweko, wofatsa m'mau koma wosasekerera. Galimoto yao inali ndi chilembo chofiira cha L kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ku mpando wa maiwo kunali buleki ndi kalachi yaoyao.

Za mapazi ndi manja sitichulutsa mau, pakuti izo mng'ono wathu anazidziwa kale. Kunyamuka pa chitunda anachita bwino koposa: handibuleki iri m'mwamba, aponda moto pang'ono, akweza kalachi kufikira injini isintha kulira kwake, acheuka, ndipo pamenepo amasula, galimoto sinabwerere m'mbuyo ngakhale chala chimodzi. Zomvuta zinali zizolowezi. Magalimoto ambiri a kwathu achokera ku Japan, ndipo kamtengo ka indiketa kali kumanja kwa chiwongolero; a ku Britain ambiri kali kumanzere, kumanjako nkwa mawaipa. Chaka chathunthu ali kumeneko, akangotekeseka dzanja limabwerera ku minibasi, mawaipa nkuyamba kuvina dzuwa liri phwee. Potsetsereka amafuna kuchotsa giya kuti apulumutse mafuta. Maiwo anamletsa, nati giya ikachoka injini ileka kuigwira galimoto, liwiro likula, ndipo katundu yense atsalira mabuleki okha. Hutala nayo anamlanda: kumeneko suliza galimoto iri chiimire pokhapokha pali ngozi, ndipo m'midzi suliza kuyambira 11.30 usiku kufikira 7 m'mawa. Kwa munthu amene anaitanira anthu ndi hutala zaka 6, kunali ngati kumtseka pakamwa.

Chimene tinatsegukira nacho maso ndi nkhani ya malo a galimoto pa mseu. Ife timayesa kuti bola uli kumanzere, kwatha. Maiwo anati galimoto iyamba kulankhula ndi pamene yaima, nyali zidza pambuyo. Ukafuna kukhotera kumanja, uyandikire mzera wa pakati koma osaupyola, kuti a kumbuyo aone cholinga chako ndi kudutsa kumanzere ngati malo alipo. Ndipo podikira matayala akhale olunjika, pakuti ngati wawapotoza kale, wina akakugunda kumbuyo akukankhira m'kamwa mwa galimoto yobwera. Ukafuna kukhotera kumanzere, khala kumanzere. Usayambe watulukira kumanja monga lichita lole lalitali, chifukwa pa mpata umene wasiyawo palowa wa njinga. Podutsa magalimoto oimika usiye danga lokwana chitseko chotsegula, pakuti sudziwa chitseko chiti chitseguke, kapena mwana atulukire pati. Wa njinga umpatse mita imodzi ndi theka. Ndipo kuyambira January 2022 buku lao la malamulo a pa mseu, Highway Code, linena kuti munthu wapansi amene adikira kuoloka kamseu kamene iwe ukhoteramo, umpatse njira. Pamenepa mng'ono wathu anang'ung'udza, ife tinakumbukira m'mene timathawira minibasi pa depoti ya Lilongwe, ndipo tinakhala chete.

M'timiseu topanikiza ta kum'mawa kuja muli phunziro lina. Magalimoto awiri akakomana pamene pakwana imodzi, amene chotchinga chiri mbali yake ndiye adikira. Asankhe mpata msanga, aime patali pang'ono ndi galimoto yoimikayo kuti athe kutuluka osabwerera m'mbuyo. Ndiponso mwambo wathu wa kuno ku South Africa, wa mphambano pamene onse anai aima ndipo woyamba kufika ndiye woyamba kupita, kumeneko kulibe. Mphambano yopanda mzera kapena chikwangwani iribe mwini. Aliyense alowa mochenjera.

Zonsezi azimanga pa ndondomeko imodzi: galasi poyamba, chizindikiro pambuyo, kuchita kumapeto. Uyang'ane kumbuyo usanayatse indiketa, chifukwa zimene waona m'galasi ndizo zikuuza ngati nthawi yoyatsa yakwana. Inu amene mudzayesedwa mayeso a K53 kuno mudzapeza zomwezo, pamodzi ndi kucheuka pa phewa kuona malo amene galasi silifika.

Tsono tifike pa indiketa, pamene panagona mlandu wake wonse. Pa mayeso a kumeneko munthu akhoza kulakwa tating'ono kufikira 15 ndi kupambanabe, koma cholakwa chimodzi chachikulu chimgwetsa. Chake chachikulu pa mayeso oyamba chinali cha chizindikiro chosokeretsa, ndipo iye sanavomere. Amati woyesayo anali wankhanza.

Taganizani, abale, nchito zimene timaipatsa nyali imodziyi m'miseu yathu. Usiku pa M1 dalaivala ayatsa indiketa ya kumanja kuti wobwera kutsogolo aone pamene pathera galimoto yake. Wa lole ayatsa ya kumanja kukuuza kuti usandipitirire, kukubwera ina. Ayatsa ya kumanzere kuti pita, kuli bwino. Ena pa mphambano ayatsa mahazadi kunena kuti ndikupita molunjika. Kuno, wina akakupatukira ku mzera wachikasu, umthokoza ndi mahazadi omwewo. Ife sitinena kuti zonsezi nzopusa iai. Zinabadwa pa miseu yopapatiza yopanda magetsi, ndipo nyali ya wa lole yapulumutsa anthu ndithu, ifenso inatipulumutsapo. Koma nyali imodzi ikakhala ndi matanthauzo atatu, wakumbuyo ayenera kulota kuti lero itanthauza chiani. Ku Britain indiketa inena chimodzi: ndikupita mbali iyi. Mahazadi ali a galimoto yoima imene yatchinga njira, kapena ochenjeza mwachidule za ngozi ya kutsogolo pa miseu ikuluikulu yaliwiro. Kuthwanimitsa nyali zakutsogolo kutanthauza kuti ndiri pano, basi. Si kupereka njira, ngakhale eni dziko ambiri achita dala chomwecho.

Tsiku lachitatu tiri pa Albert Drive, maiwo anamuuza kuti aime kumanzere pamalo abwino. Iye anaona mpata kutsogolo, kupitirira kamseu kena kolowera kumanzere, nayatsa indiketa pomwepo asanafike pa kamseuko. Pakamwa pa kamseuko panaima galimoto yaing'ono, m'kati muli bambo wachikulire ndi ana awiri kumbuyo. Bamboyo anaona nyali yathu, nayesa kuti tikhotera m'kamseu kake, ndipo anayamba kutuluka. Ife tinangomva lamba atikoka pa chifuwa. Maiwo anali ataponda buleki yao. Pakati pa magalimoto awiriwo panatsala danga losakwana mkono. Tinaona bwino nkhope ya mwana wa pa zenera, ali ndi chakudya m'manja.

Mng'ono wathu anayamba kunena kuti bamboyo akanayenera kudikira aone ngati tikhotadi, ndipo m'menemo munali choona, pakuti malamulo ao achenjezanso za kukhulupirira indiketa msanga. Maiwo anamlola amalize. Kenaka anati, "Inde, akanadikira. Koma iye sananame. Anangokhulupirira zimene inu munamuuza. Mukanayatsa mutapitirira kamseuko." Mng'ono wathu anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, osayankha, ndipo tinaona kuti zala zake zikunjenjemera.

Usiku umenewo ife sitinagone msanga. Maganizo anabwerera kuno ku shafuti. Woyendetsa makina okweza keji akhala m'nyumba yake, saiona keji, saona anthu ali m'katimo. Chimene ali nacho ndi belu. Likalira kamodzi keji ikuyenda, aimitsa, kamodzi iri chiimire, akweza, kawiri, atsitsa, katatu, adziwa kuti mukulowa anthu. Ndani wa inu anaonapo woliza belu akuliza katatu kuti apereke moni kwa mnzake wa pamwamba, kapena kuliza keji isanakonzeke poti alize kale asaiwale? Tsiku lomwelo akanachotsedwa nchito, ndipo inu nomwe mukanamthamangitsa m'hositelo. Tonse timatsika m'keji mtima uli m'malo chifukwa belu liri ndi tanthauzo limodzi kwa Mchewa, Msotho, Mshangani ndi Mzungu. Koma ife omwewo Loweruka tikatuluka pa geti ndi galimoto, tiyatsa nyali monga tifunira. M'mawa mwake tinamfotokozera mng'ono wathu zimenezi pa tiyi. Iye sanagwirepo nchito pa mgodi, koma anamva, ndipo za nkhanza za woyesa uja sanazitchulenso.

Masiku otsalawo tinkakhala kumbuyo kumamumva akudzinong'oneza yekha: galasi, nyali, malo. Pa raundabauti anaphunzira kupatsa njira ochokera kumanja, ndi kuyatsa ya kumanzere pokhapokha atadutsa potulukira pomaliza pamene safuna. Anaphunziranso kuizima indiketa ikakana kuzima yokha, kanthu kamene ife kuno timayenda nako makilomita ambiri osadziwa. Mawaipa anavinabe kamodzikamodzi.

Ife tinabwerera ku nchito mu September. Mu November anaimba foni kuti wapambana, ndi zolakwa zing'onozing'ono 5, ndipo malata a amai anakhomedwa Khirisimasi isanafike, ngakhale mvula yoyamba inali italowa kale m'chipinda chimodzi. Tinamyamikira, ndipo mwa nthabwala tinamkumbutsa kuti ife tiri ndi laisensi ya South Africa, kotero tikadzasamukira kumeneko adzangotisinthira pepala popanda mayeso. Iye anati, "Nzoona, achimwene, adzakusinthirani. Koma ine galimoto yanu sindidzakwera kufikira mai aja atakuyendetsani pa Albert Drive. Nambala yao ndasunga."